Funsani Alangizi: Nkhunda zanga zikuvutika ndi dzuwa

Funso: Zikomo alangizi. Ndimakhala ku Nchalo, m'boma la Chikwawa, ndipo ndimaweta nkhunda 14. Chiyambire Okutobala, masana zimangokhala kukamwa yasa, mapiko zitagwetsa, ndipo maunda awiri andifera. Madzi ndimaziikira m'mawa m'chitini. Ndikulakwitsa pati? *Mayi wa ku Nchalo*

Yankho: Pepani mayi. Inenso ndinatolapo maunda atauma m'khola, zimawawa.

Ine ndikukayikira chitinicho. Kwanuko nyengo ino kutentha kumapitirira madigiri 40, ndiye pofika 11 koloko madzi a m'chitini amakhala ngati ophitsa. Nkhunda imangolawa n'kuwasiya. Chonsecho mbalame siituluka thukuta. Imadziziziritsa popuma wefuwefu, ndipo madzi a m'thupi amathera momwemo. Kuyasama mukukuonako n'kumeneko.

Kumaunda ndiye kuli nkhani. Iwo samwa okha. Masiku oyambirira amadya timkaka tomwe make ndi bambo wake amawalavulira m'kamwa, kenako chakudya chonyowetsedwa. Makolo akakhala ndi ludzu, oyamba kufooka ndi ana.

Chotsani chitini, muike phale kapena kamphika kadothi pamthunzi. Dothi limasunga madzi ozizira, monga umachitira mtsuko wanu m'nyumba. Nkhunda simwa ngati nkhuku, yomwe imajompha n'kuyang'ana kumwamba. Nkhunda imamiza mlomo n'kumayamwa, choncho madzi akhale akuya, osachepera masentimita atatu. Sinthani m'mawa, masana ndi madzulo, ndipo phalelo muzilitsuka tsiku lililonse, chifukwa matenda a zilonda zachikasu zapakhosi amafala kudzera m'madzi omwera limodzi. Kwathu ndimaikanso beseni losaya loti zizisamba. Zikamadzikung'untha mmenemo, mtima wanga umakhala m'malo.

Ngati khola n'lamalata, yalani udzu kapena mphasa yakale pamwamba lero lomwe, ndipo musatseke mipata yolowera mphepo.

Mukaona ina yalefukiratu, itengereni m'nyumba pozizira. Sungunulani masupuni a tiyi 6 a shuga ndi theka la supuni ya tiyi ya mchere mu lita imodzi ya madzi, muviikemo nsonga ya mlomo wake kuti imwe yokha. Chonde musaithire madzi kukhosi, ingatsamwe n'kufa m'manja mwanu. Ikafika mawa isanatsitsimuke, kaonaneni ndi mlangizi wa ziweto wa m'dera lanu.