Mapointi 15, koma kunyumba akuti udokotala basi

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mtsikana wa ku Dowa yemwe wangolandira zotsatira za MSCE. Wapeza mapointi 15: Agriculture 1, Biology 2, Chichewa 2, English 3, Chemistry 3, Physics 4. Masamu anapeza 5. Bambo ake akuti pa fomu ya NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba lomwe limayendetsa zosankha ana opita ku mayunivesite a boma, alembe udokotala ndipo asaganizenso zina. Iye akufunsa kuti atani.

Mng'ono wanga, choyamba iwala kaye nambala 15 imeneyo. Ndi nambala yonyadira pamudzi, amalume akagwire nayo nkhuku, koma sinena zonse. MANEB imawerengera maphunziro asanu ndi limodzi omwe wakhoza bwino kwambiri kuphatikizapo English, ndiye 5 wa masamu uja wabisala, ndipo 1 wa Agriculture ndi 2 wa Chichewa akukoka chiwerengero chako kuti chioneke chokongola. Osankha ana opita ku udokotala sayang'ana Chichewa. Maso awo ali pa Biology, Chemistry, Physics, masamu ndi English, ndipo pamenepo iwe uli ndi 2, 3, 4, 5 ndi 3. Onsewo ndi ma credit kapena kuposa apo, palibe walephera, koma pamzere womwewo paima ana ochokera dziko lonse omwe m'maphunziro amenewa ali ndi ma 1 ndi ma 2 okhaokha. Malo a MBBS, digiri ya udokotala, ku Kamuzu University of Health Sciences (KUHeS) ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi owafuna. Ndikanama ndikakuuza kuti mwayi wako ndi waukulu.

Funso lako landikwiyitsa pang'ono, osati chifukwa cha iwe. Chimene chimandinyansa ndi choti mwana akangokhoza sayansi, mudzi wonse umaona jasi loyera lokha. Makolo ambiri amene amanena kuti udokotala basi sadziwa kuti ulendowo ndi wautali bwanji. Wochokera ku MSCE amayamba ndi chaka chokonzekera, kenaka zaka 5 za udokotala weniweniwo. Zaka 6 zimenezo. Akamaliza sanathe, pali miyezi 18 ya internship, kugwira ntchito moyang'aniridwa, m'zipatala zikuluzikulu monga Queens ku Blantyre kapena Kamuzu Central ku Lilongwe, kugona m'chipatala usiku, asanalembedwe mokwanira ndi Medical Council of Malawi. Zaka zisanu ndi ziwiri ndi theka, ngati sunabwereze chaka chilichonse. Ngati kunyumba akuyembekeza kuti iwe ndiye ulipirire azing'ono ako sekondale, awerengere bwino, chifukwa wa Sitandade 6 lero adzakhala atamaliza Fomu 4 iwe usanayambe kupuma.

Ndipo nchifukwa chiyani timaganiza kuti chipatala ndi dokotala yekha? Pita pa chipatala chilichonse cha boma kumaboma athu, amene adzakuyeza, kukulembera mankhwala, ngakhale kuchita opaleshoni ya mayi yemwe walephera kubereka, nthawi zambiri ndi clinical officer. Ameneyu amaphunzira dipuloma ya zaka 3, monga ku Malawi College of Health Sciences, nkuchita chaka chimodzi cha internship. Akagwira ntchito kanthawi amatha kubwerera ku KUHeS kukachita digiri. Anthu amaderera njira imeneyi ngati ya olephera, pomwe ndi imene yanyamula zipatala zathu kwa zaka zambiri. Ku KUHeS komweko kuli pharmacy, physiotherapy, za mano, za labotale ndi unamwino. Ku Mzuzu University (Mzuni) kuli za maso (optometry) ndiponso za labotale. Biology 2 ndi Chemistry 3 ndi katundu wabwino m'misika imeneyi, ngakhale pharmacy nayo imalimbiranidwa kwambiri, usaitenge ngati pothawira.

Pano ndilankhule mosapsatira. Phunziro limene wakhoza kuposa onse ndi Agriculture, ndipo m'kalata yako yonse sunatchule LUANAR, yunivesite ya za ulimi ya ku Bunda, ngakhale kamodzi. Ndikudziwa chifukwa chake: mwana wa mlimi akauza anthu kuti akupita ku Bunda, ena amaseka kuti wapita kukaphunzira khasu lomwe analisiya kunyumba. Umenewo ndi umbuli. Ku Bunda kuli udokotala wa ziweto, kuli za nthaka, za mbewu, za kadyedwe, za ulimi wa nsomba, za ulimi wothirira. Ngati bambo akufunadi mawu akuti dokotala patsogolo pa dzina lako, wa ziweto ndi dokotala ndithu, ndipo iye akhoza kudzilemba yekha ntchito mosavuta kuposa anzake ambiri. Woweta nkhuku 500 akaona zikuodzera sadikira boma, amaimba foni nkulipira. Ine ndikuti kwa munthu wa magiredi ngati akowa, kusiya LUANAR pa fomu ndi kulakwa kwenikweni.

Mwina wina akuuza kuti thawira ku uinjiniya poti migodi ikubwera. Nzoona kuti Kasiya ku Lilongwe, Kangankunde ku Balaka ndi Songwe Hill ku Phalombe akutchulidwa kwambiri, ndipo mayunivesite a MUBAS ndi MUST ali ndi maphunziro okhudza migodi ndi miyala. Koma kumbuka kuti mgodi wa Kayelekera ku Karonga unaima mu 2014 mtengo wa uranium utagwa, ndipo unakhala zaka zambiri uli chete. Ntchito ya m'migodi imayenda ndi mitengo ya kunja. Kupatula apo, uinjiniya ndi zaka 5 za masamu osalekeza, calculus kuyambira chaka choyamba. Wa 5 mu masamu ndi 4 mu Physics akhoza kulimba, koma ena amene amachotsedwa sukulu amagwa pamenepa: mayeso obwereza a supplementary, kubwereza chaka, kenaka kalata yowachotsa. Ngati 5 uja anabwera chifukwa munalibe mphunzitsi wa masamu, monga zimachitikira m'ma CDSS ambiri, imeneyo ndi nkhani ina, ukhoza kubwereza phunzirolo. Ngati anabwera chifukwa masamu umadana nawo, usadzinamize.

Uphunzitsi wa sayansi nawonso anthu amaulemba kumapeto ngati chotsekera mzere, koma aphunzitsi a Biology ndi Chemistry amasowa m'sekondale zambiri. UNIMA ku Zomba, Mzuni, Domasi ndi Nalikule onse amaphunzitsa. Kulembedwa ntchito m'boma kumachedwa, zimenezo ndisakubisire, ndipo anamwino nawonso amadikira chimodzimodzi.

Pa fomuyo

Tenga chilengezo cha NCHE cha chaka chino, osati cha mnzako wa chaka chatha, uwerenge zofunika pa pulogalamu iliyonse. Lemba giredi yako pambali pa phunziro lililonse lomwe atchula. Pomwe sukukwana, fufuta, chifukwa kulemba pulogalamu yomwe sukuyenera ndi kutaya malo pachabe. Cholakwa chachikulu chimene ana amachita ndi kudzaza mizere yonse ndi zolimbiranidwa zokhazokha, MBBS, pharmacy, za mano, ndiye akaphonya koyamba amaphonya konse, pomwe mnzawo wa mapointi 20 wasankhidwa chifukwa anasakaniza mwanzeru. Ngati mtima ukufunadi udokotala ndipo ukukwana, uike pamwamba, bambo asangalale, koma pansi pake pakhale zomwe magiredi ako angazinyamule, ziwiri mwa izo za ku LUANAR.

Usadikire NCHE yokha. Malawi College of Health Sciences ndi makoleji a zaumoyo a mipingo a CHAM amalengeza paokha, nthawi yawoyawo, ndipo ambiri amaphonya chifukwa amamva tsiku litadutsa. Ukamaganiza za koleji yomwe si ya boma, funsa zinthu ziwiri usanapereke tambala: kodi NCHE inavomereza pulogalamu imeneyo, osati sukulu yokha, ndiponso kodi bungwe lopereka chiphaso cha ntchitoyo limaizindikira. Anamwino ndi azamba ndi Nurses and Midwives Council, a labotale ndi ma clinical officer ndi Medical Council, a mankhwala ndi Pharmacy and Medicines Regulatory Authority (PMRA). Pepala lopanda chiphaso chawo silikulowetsa m'wodi. Za fizi, ngongole ya HESLGB, bungwe la boma lobwereketsa ndalama ophunzira, imafunsiridwa payokha, siibwera yokha ndi kusankhidwa, ndipo ndi yobweza.

Fomu isanapite, pempha kukakhala tsiku limodzi pa chipatala cha Dowa ndi tsiku lina ndi alangizi a ziweto a kwanuko. Ukaone mzere wa odwala 7 koloko m'mawa, umve fungo la m'wodi, ukaonenso ng'ombe ikubayidwa jekeseni. Bambo uwatenge ulendo wachiwiriwo.