Kodi anthu a mu London wakale ankangokhala m'nyansi osadandaula?

Aphunzitsi ena a kusekondale anditumizira imelo. Akuti mwana wina m'kalasi mwawo wawafunsa ngati n'zoona kuti anthu a ku London zaka 700 zapitazo ankangokhuthulira zonyansa pawindo, osasamba, osalabadira kanthu. Iwo akufuna adziwe mmene moyo wa tsiku ndi tsiku unkakhalira mumzindawo.

Aphunzitsi, mwanayo mumuuze kuti mzindawo unkanunkhadi. Koma zoti eni ake sankalabadira, zimenezo ayi. Ine zimandiwawa anthu akale akamanenedwa ngati analibe nzeru.

Cha m'ma 1300 mu London munali anthu pafupifupi 80,000, ambiri atathithikana mkati mwa linga limene Aroma anasiya, malo oti munthu wapansi n'kuwadutsa theka la ola lisanathe. Mlatho wowolokera mtsinje wa Thames unali umodzi basi, London Bridge, womwe unatha kumangidwa mu 1209, ndipo pamwamba pake panalinso nyumba, mashopu ndi katchalitchi. Ndiye muikepo akavalo, nkhumba zoyendayenda, ng'ombe zopita kumsika wa Smithfield, opha nyama ndi ofufuta zikopa. Fungo likanalephera bwanji?

Kukacha alonda ankatsegula zipata, anthu a m'midzi yozungulira n'kumalowa ndi mkaka, mazira ndi nkhuku kulunjika ku Cheapside, komwe kunali msika waukulu. Nthawi ankaidziwira pa mabelu, poti matchalitchi analipo oposa 100. Mmisiri ankagwirira ntchito pansi pa nyumba yake, banja n'kumagona pamwamba. Mnyamata wophunzira luso ankakhala m'manja mwa bwana wake zaka zosachepera 7, kudya pomwepo, kugona pomwepo, osaloledwa kukwatira. Amphawi ambiri analibe pophikira, choncho ankagula zophikaphika m'mbali mwa mtsinje. Chakumwa cha masiku onse chinali mowa wa balere wosaledzeretsa kwambiri, ndipo ambiri ofulula anali amayi.

Madzi ankatunga m'zitsime ndi mu Thames momwemo, koma cha m'ma 1245 akuluakulu a mzinda anayamba kukoka madzi a pa kasupe wa ku Tyburn m'mapaipi a mtovu mpaka ku Cheapside. Pamenepo pankabuka mikangano yonga ya pa mjigo: anthu wamba ankadandaula kuti ofulula mowa akubwera ndi zotungira zikuluzikulu n'kumaliza madzi.

Buledi ndiye sankaseweretsa. Lamulo linkanena kulemera kwa buledi molingana ndi mtengo wa tirigu. Wophika akapezeka akubera anthu pa sikelo, ankamumangirira pa chithatha chokokedwa ndi kavalo, buledi wopereweray atam'pachika m'khosi, n'kumuzungulitsa m'misewu anthu akuona. Akabwereza kachitatu ankamugwetsera uvuni, ntchito yathera pomwepo.

Tsono pa nkhani ya zimbudzi mpamene ndikufuna tikhalitsepo, chifukwa zolembedwa za milandu ya anthu oyandikana nyumba zilipobe, kuyambira mu 1301. Lamulo linkati dzenje la chimbudzi lomangidwa ndi miyala litalikirane ndi malire a mnzako mafiti awiri ndi theka, losamangidwa ndi miyala mafiti atatu ndi theka. Wina akadandaula, meya ndi makhansala ankapita okha kukaona ndi maso. Mu 1314 mayi wina dzina lake Alice Wade analumikiza paipi yathabwa kuchokera kuchimbudzi cha m'chipinda chake chapamwamba kukalowetsa mu ngalande ya madzi a mvula imene inkadutsa pansi pa nyumba za anzake. Ngalande inatsekeka, fungo linakwana ponseponse, anzakewo anakasuma, ndipo anamupatsa masiku 40 kuti achotse paipiyo. Taganizani, aphunzitsi: anthu ozolowera nyansi angavutike kukasuma chifukwa cha fungo?

Dera lililonse la mzinda linali ndi anthu olembedwa ntchito yosesa m'misewu ndi kututa zinyalala pa ngolo. Maenje akadzaza ankawakapa usiku, ntchito yolipira bwino koma yoika moyo pachiswe. Mu 1326 mmodzi mwa osesawo, Richard, anagwera m'dzenje la chimbudzi matabwa owola atathyoka, n'kufera momwemo. Patapita zaka pafupifupi 100, Richard Whittington, amene anakhalapo meya kangapo, anapereka ndalama zomangira chimbudzi cha anthu onse cha mipando 128 m'mbali mwa Thames, choti madzi a mtsinje akasefukira azikokolola zonse. Otayira pawindo analipo, inde, koma unali mlandu, ndipo anzawo ankawaneneza.

Kusamba m'manja asanadye unali mwambo. Nyumba zosambiramo madzi otentha zinalinso ku Southwark, tsidya la mtsinje, ngakhale zinali ndi mbiri ya uhule.

Usiku belu la tchalitchi cha St Mary-le-Bow likalira, zipata zinkatsekedwa, malo omwera mowa n'kutsekanso. Woyenda mumdima wopanda nyali ankagwidwa ndi alonda n'kukagona m'chitokosi ku Cornhill. Moto ankauopa kwabasi. Utapha anthu ambiri mu 1212, analetsa kufolera nyumba ndi udzu.

Chimene sankadziwa ndi tizilombo toyambitsa matenda. Iwo ankakhulupirira kuti nthenda imayenda ndi mpweya woipa, n'chifukwa chake ankalimbana kwambiri ndi fungo. Mliri waukulu utafika chakumapeto kwa 1348, Mfumu Edward III inalembera meya mu 1349 kuti ayeretse misewu, koma sizinathandize. Maliro anachuluka mpaka anatsegula manda atsopano kunja kwa linga, ku East Smithfield, ndipo ofukula za m'mabwinja anapeza kuti ngakhale m'maenje a anthu ambiri mitembo anaigoneka mwaulemu, m'mizere. Pofika 1377 mumzindamo munali anthu pafupifupi 40,000 okha. Antchito atachepa chonchi, otsalawo anayamba kufuna malipiro okwera, ndipo lamulo la mu 1351 lofuna kubweza malipiro pomwe anali mliri usanabwere linakanika kuwaletsa.