Tifunseni: Malamulo a ntchito akumangosintha, ndiziwadziwira kuti?

Funso: Zikomo akonzi. Ine ndili ndi ka bekale kuno ku Kasungu, antchito alipo 9 kuphatikiza mlonda. Sabata yatha mnyamata wanga wa pa uvuni anadzapempha tchuthi cha masabata awiri ati mkazi wake wachira, ine ndinamukaniza ndinati tchuthi cha uchembere nchaazimayi, iye nkundiuza kuti lamulo linasintha kalekale ndipo akadandaula ku leba. Enanso ayamba kung'ung'udza kuti malipiro amene ndikuwapatsa ndi akale. Sikuti ndikufuna kudyera anthu masuku pamutu ayi koma zinthuzi zikumasintha ine osamva, ndiye malamulowa ndiziwadziwira kuti? Mayi wa bekale, Kasungu.

Yankho: Mayi, mnyamatayo akunena zoona, muitaneni mumupatse tchuthicho nkhani isanafike kutali. Mu 2021 Nyumba ya Malamulo inasintha Employment Act ya 2000 ndipo kuyambira pamenepo bambo amene mkazi wake wachira ali ndi ufulu wa masabata awiri akulandira malipiro onse, kamodzi pa zaka zitatu. Amayi awo ndi masabata 8, nawonso pa zaka zitatu zilizonse. Kusintha komweko nkomwe kunathetsa utenanti m'minda ya fodya, kwanu ku Kasungu nkhani ya matenantiyo inamveka kwambiri koma ya tchuthi cha abamboyi inadutsa mwakachetechete, mabwana ambiri akuimvera kwa antchito awo ngati mmene zakuchitikirani inumu.

Ndipo chonde musamuchotse ntchito chifukwa wakuyankhani kapena watchula za ku leba. Lamulo limafuna zinthu ziwiri musanachotse munthu, pakhale chifukwa chomveka komanso mumupatse mpata woyankhapo mbali yake. Olemba ntchito ambiri amagonja ku khoti la milandu ya ntchito la Industrial Relations Court osati chifukwa wantchito analibe mulandu ayi, koma chifukwa anamuthamangitsa ndi mkwiyo tsiku lomwelo osamumva, palibe kalata palibe mboni, mapeto ake kulipira chipukuta misozi choposa ndalama imene ankalimbirana.

Za malipirozo pamenepo ndiye pofunika kutchera khutu kwambiri chifukwa ndi pamene pamasintha pafupipafupi. Malipiro otsikitsitsa anali K50,000 pamwezi kuyambira 2021, mu Febuluwale 2024 kwacha itagwa anafika K90,000, mu Juni 2025 nkukweranso kufika K126,000. Antchito a pakhomo ali ndi mulingo wawo, mu 2025 unachoka pa K52,000 kufika K72,800, ndipo boma limaikanso milingo ina ya magulu ngati madalaivala a mathiraki ndi mabizinesi ang'onoang'ono, nde musangotenga nambala ya mnzanu wa hadiweya nkuyesa kuti ndi yanunso, kafunseni kuti bekale yanu ili gulu liti komanso mulingo umene ukugwira ntchito lero ndi uti. Mukapitiriza kulipira zakale ndalama yoperewerayo siifa, imakhala ngongole ndipo wantchito akadandaula mudzabweza yonse. Mlondayo musamuiwale, alonda ndi amene amaponderezedwa kwambiri pa nkhani ya maola ndi ovataimu, ine zimandipweteka kuona munthu akuchezera usiku onse pa geti nkumalandira zosakwana ndi thumba la chimanga lomwe.

Pali penshoninso, simunaitchule koma ndikuikayikira. Kuyambira 2011 wolemba ntchito amaika 10 peresenti ya malipiro, wantchito 5 peresenti, komanso wolemba ntchitoyo amalipira inshuwalansi ya moyo ya wantchito. Lamuloli linalembedwanso mwatsopano mu 2023 ndipo tsopano munthu ntchito ikamuthera amadikira miyezi itatu osati 6 kuti apemphe ndalama zake. Choopsa kwambiri ndi kudula 5 peresentiyo pa malipiro a munthu koma osaitumiza, imeneyo ndi ndalama ya mwini wake ndipo a Reserve Bank amene amayang'anira za penshoni amalondola zimenezi.

Tsono funso lanu lenileni, muziwadziwira kuti. Lamulo likasintha limatuluka mu Gazette, chikalata chimene boma limalengezeramo malamulo, koma tinene chilungamo wa bekale sangamawerenge Gazette, nde njira yapafupi ndi ofesi ya leba ya pa boma panu pomwepo. Anthu amaiopa ofesi imeneyi poganiza kuti ndi ya antchito okha, ayi ndithu, ndi yanunso ndipo kupitako nokha kukafunsa musanaitanidwe ndi samani kumakupulumutsani zambiri. Muzipitako kawiri pachaka, makamaka bajeti ikangowerengedwa chifukwa chaka cha boma chimayamba pa 1 Epulo ndipo nthawi imeneyo ndi imene misonkho yodula pa malipiro ya PAYE imakonda kusintha, za msonkhozo a MRA amalengeza okha pa wailesi, mu nyuzi ndi pa Facebook. Kulinso bungwe la olemba ntchito la ECAM lomwe limakhala nawo pa zokambirana za malipiro pamodzi ndi boma ndi bungwe loimira antchito la MCTU, mamembala ake amamva msanga zinthu zikamasintha. Zongotumizirana pa WhatsApp muzisamala nazo, nthawi zambiri ndi zomwe anthu akungopempha osati zomwe zavomerezedwa, muzifunsa kuti zayamba kugwira ntchito tsiku liti.

Chomaliza ndi mapepala. Wantchito aliyense akhale ndi kalata ya ntchito yonena malipiro, maola ndi tchuthi, maola ndi 48 pa sabata ndipo tchuthi cha pachaka ndi masiku 18 kwa ogwira masiku 6 pa sabata, 15 kwa ogwira masiku asanu. Gulani kabuku ka hadikava, aliyense azisaina akalandira malipiro komanso akamapita ku tchuthi, ndipo popita ku lebako mutenge kabukuko ndi mndandanda wa malipiro a anthu 9 onsewo kuti akakuwerengereni ngati pali zobweza.