Kodi kumenyera nkhondo a Empire mu Skyrim n'kukhala kumbali ya atsamunda?

Wowerenga wina wa ku Zomba wanditumizira imelo. Mwachidule akuti: "Ndikusewera Skyrim ndipo pa nkhondo yapachiweniweni ija ndalowa usilikali wa Empire. Mnzanga amene timabwerekana laputopu akunditonza, ati munthu wa dziko lomwe linalamulidwa ndi atsamunda sangamenyere nkhondo ufumu wolanda malo a eni. Ine ndikumuyankha kuti ufumuwo unabweretsa mtendere ndi malonda. Akulondola ndani?"

Achimwene, nonse awiri mwaphonya, koma yankho lanu la mtendere ndi malondalo ndi lomwe landidandaulitsa kwambiri.

Kwa amene sanaisewerepo, Skyrim ndi gemu ya kampani ya Bethesda yomwe inatuluka mu Novembala 2011. Nkhani yake imachitikira kwawo kwa a Nord, dziko lozizira lomwe lili pansi pa Empire, ufumu wa ku Cyrodiil. Ufumuwo utatopa ndi nkhondo yolimbana ndi ma elf a Aldmeri Dominion, otsogozedwa ndi a Thalmor, unasaina pangano la White-Gold Concordat m'chaka cha 175 pa kalendala ya m'gemumo. Panganolo linaletsa kupembedza Talos, mulungu wapamtima wa a Nord. Ulfric Stormcloak wa ku Windhelm anapha mfumu yaikulu Torygg n'kuyambitsa kuukira, ndipo wosewera amafika mu 201 moto uli lawilawi.

Mnzanuyo sakungobwebweta. Gemu imayamba a Empire akufuna kukudulani mutu ku Helgen pomwe dzina lanu mulibe m'kaundula wa opalamula. Mukalowa koyamba mu Solitude mumapeza akupha Roggvir pamaso pa anthu chifukwa chotsegulira Ulfric chipata kuti athawe atapha Torygg. M'misewu mumakumana ndi a Thalmor akukoka akaidi, ufumu uli phee.

Koma mum'funse mnzanuyo kuti Talos ndi ndani. Ndi Tiber Septim, mwini wake woyambitsa ufumuwo, amene anagonjetsa Tamriel yense, chigawo chachikulu momwe muli Skyrim ndi maiko ena a m'gemumo, mpaka kugwetsa ma elf a ku Summerset ndi chimphona chachitsulo chotchedwa Numidium. A Stormcloak akufera ufulu wopembedza wolanda maiko wamkulu kuposa onse. Iwo sakudana ndi kulanda ayi. Chawakwiyitsa n'chakuti ufumu womwe amauona ngati wawo wafooka ndipo wagwadira ma elf. Ngakhale Skyrim yomwe amafuula kuti ndi ya a Nord, makolo awo anachita kubwera kuchokera ku Atmora, ndipo Ysgramor ndi anzake 500 anasesa ma Snow Elf omwe ankakhalamo. Zidzukulu za othawawo ndi a Falmer akhungu aja timawapha m'mapanga osaganiza kawiri.

Ngati mukufuna kuona kulanda kwenikweni, pitani ku Markarth, mzinda wa m'dera la Reach. Ine ndimaona kuti mbali iyi ndi yomwe olemba gemuyi anaigwirira ntchito mwaluso, ngakhale ambiri amangoidutsa pothamangira ma dragon. Anthu a ku Reach amati dera limeneli ndi la makolo awo. Mu 174, asilikali a ufumu atatanganidwa ndi nkhondo kummwera, iwo analanda mzindawo n'kulonga mfumu yawo Madanach, ndipo anadzilamulira zaka ziwiri. Amene anabwera kudzawaphwasula mu 176 anali Ulfric yemweyo, atalonjezedwa kuti akapambana adzapembedza Talos momasuka. Buku la m'gemumo lomwe limafotokoza kupha komwe kunatsatira linalembedwa ndi munthu wa ufumu, choncho muliwerenge mosamala. Koma mgodi wa Cidhna mumadzionera nokha. Akaidi a ku Reach amakumba siliva wolemeretsa banja la Silver-Blood. Mmodzi mwa iwo, Braig, amasimba kuti mwana wake wamkazi anapempha kuti atengedwe m'malo mwa bambo ake, ndipo anam'dula mutu bamboyo akuona, kenako n'kum'ponyabe bamboyo mumgodimo. Mgodiwu ukuyenda mzinda uli m'manja mwa Igmund, wa mbali ya Empire. A Stormcloak akapambana, mpando amaupereka kwa Thongvor Silver-Blood, wa banja lomwe lija. Ndiye munthu wa ku Reach asangalalire mbali iti? Sindikuwayeretsa a Forsworn, gulu la zigawenga za ku Reach, pajatu amapha apaulendo osalakwa m'misewu. Koma mkwiyo wawo uli ndi pochokera.

Tibwere kwa inu tsopano. Mawu oti wolanda anabweretsa mtendere ife si achilendo. Britain italengeza ulamuliro wake kuno mu 1891, Harry Johnston anathiradi nkhondo ogulitsa akapolo, ndipo Mlozi anapachikidwa ku Karonga mu 1895. Zabwinozo zinachitika. Komanso boma lomwelo linabweretsa msonkho wa nyumba, malo aakulu a ku Shire Highlands anapita kwa azungu, ndipo thangata linazunza anthu m'maesiteti. Palibe anafunsa eni dziko ngati akuvomera mtengo wa mtenderewo. Amene amawerengera phindu la kulanda nthawi zonse amakhala wolandayo kapena zidzukulu zake, n'chifukwa chake mfundo yanuyo ndaikana, ngakhale m'gemu.

Pali chifukwa china chomveka chosankhira a Empire. Mukazembera mu ofesi ya kazembe wa a Thalmor mumapeza chikalata chawo chokhudza Ulfric, chomwe chimaonetsa kuti nkhondoyi ikamapitirira iwo ndi amene akupindula. Skyrim ikachoka, ufumu utsala wofooka pamaso pa mdani wofuna kupondereza anthu onse. Mnzanuyo angakuyankheni kuti Hammerfell, dziko lina lomwe linali pansi pa ufumuwo, inakana panganolo, inamenya yokha, ndipo a Dominion anachoka mu 180. Pamenepo ndiye pali mkangano weniweni, wa nzeru za nkhondo, ndipo mutha kuchezera nawo usiku wonse.

Ine ndimasankha a Empire, monyinyirika, makamaka ndikaona mmene a Dunmer, mtundu wina wa ma elf, amakhalira mosalidwa mu Gray Quarter ya ku Windhelm, mzinda wa Ulfric, ndi a Argonian, anthu ooneka ngati abuluzi, oletsedwa kukhala mkati mwa mpanda. Kusankha mbali m'gemu si tchimo, ndipo kusewera ngati munthu woipa kumaphunzitsanso. Musanakangane kachiwiri, sewerani limodzi gawo la The Forsworn Conspiracy mpaka akutsekereni mu Cidhna. Mkatimo mudzayenera kusankha kupha Madanach, yemwenso ndi mkaidi mmenemo, kapena kuthawa naye, ndipo mundilemberenso kuti aliyense wa inu anasankha chiyani.