Kwa achemwali a ku Linthipe amene mwana wakana bere

Achemwali, mwati mwana wanu wa miyezi 7 watha masiku awiri akukana bere, mukamuika amalira n'kupotoza mutu, ndipo apongozi akuti mkaka wawola mungomusiyitsa. Pepani, koma pamenepo apongozi ndikutsutsana nawo. Mkaka suwola m'bere, ndipo mwana wosakwana chaka sasiya yekha kuyamwa tsiku limodzi. Pali chimene chikumuvuta, kungoti pakamwa ponenera alibe.

Yambani mwamuona mphuno. Ndi kuzizira kwathu kwa Dedza kuno mu Juni ndi Julayi, ana ambiri amatsekeka mphuno, ndiye akagwira bere amalephera kupuma n'kulisiya ndi ukali. Wanga wachiwiri anachita zomwezo tili ku Bembeke, masiku atatu athunthu. Ine kulira, iye kulira, bambo ake kungoyendayenda pakhonde. Vuto linali chimfine basi. Mutsegulenso kukamwa. Mukaona zoyerayera pa lilime ndi m'masaya zosachoka mukapukuta, ndi zilonda zofuna mankhwala a kuchipatala. Mwina ndi mano akumera, mwina khutu, makamaka ngati amalira mukamugonekera mbali imodzi. Nanga sopo kapena mafuta odzola simunasinthe? Kapena anakulumani inu n'kukuwa? Ena amachita mantha ndi zimenezo.

Chachikulu n'choti mkaka usaume. Finyani nthawi zonse zimene akanayamwa, ngakhale usiku, musadikire mabere atupe mpaka kukutenthetsani thupi. Sambani m'manja, finyirani m'kapu yotsuka ndi madzi owira, mumumwetse pang'onopang'ono ndi kapu kapena supuni ali chokhala. Botolo ayi, akalizolowera kubwerera kubere kumavuta. Wotsala muvundikire pamalo ozizira, koma usapitirire maola anayi. Phala apitirize kudya, kungoti lisalowe m'malo mwa mkaka.

Musamukakamize, ndipo zomusiya ndi njala kuti agonja zimangoonjezera mkwiyo. Vulani bulauzi, mumukhazike pachifuwa khungu kukhudza khungu, mufunde chitenje kapena bulangete, bere likhale pafupi osamuika m'kamwa. Wanga anagwira mbandakucha ali m'tulo, maso ali otseka. Yesani nthawi ngati imeneyo, m'chipinda mopanda phokoso, kapena mukuyenda naye pang'onopang'ono. Ambiri amabwerera pasanathe sabata.

Koma werengani matewera. Azikodza kasanu ndi kamodzi kapena kuposa pa tsiku. Mkodzo ukachepa, liwombo likalowa, thupi likatentha, akamasanza chilichonse, akafooka kapena kukana ngakhale za m'kapu, musadikire tsiku la sikelo. Pitani kuchipatala chapafupi lero lomwe, akamuyeze malungo ndi kumuona m'khutu, kukafunika akutumizani ku chipatala chachikulu pa Boma. Kwa amene mukuwerenga muli ndi khanda losakwana miyezi iwiri, likangokana bere nyamukani nthawi yomweyo.

Ena abwera ndi nkhani ya tsempho, mudzamva. Zimenezo musakangane nazo pakhomo, koma mwana asamwe mankhwala azitsamba. Ngati mwayambanso kusamba kapena mukukayikira pathupi, mkaka umasintha kakomedwe, komabe si woipa. Popita kuchipatala tengani apongoziwo, akamve okha kwa anamwino, chifukwa zochokera kwa inu mpongozi wawo sangazimve.