Pitani ku Padley Gorge, koma dzuwa la Novembala silidikira munthu

Achemwali, mwafunsa ngati n'zotheka kukayenda m'mapiri ndi ana anu awiri kumapeto kwa Novembala, mutaweruka kuntchito cha m'ma 12 koloko kuno ku Sheffield. N'zotheka ndithu, ndipo musadikire nyengo yotentha. Miyezi ino ambirife timalowa kuntchito kuli mdima n'kutuluka kuli mdima, mtima n'kumalemera osadziwa chifukwa. Kukaponda panja kukadali kuwala kumathandiza kwambiri, makamaka kwa ana.

Chachikulu ndi nthawi. Chibwezereni mawotchi m'mbuyo Lamlungu lomaliza la Okutobala, masana afupika zedi. Kumapeto kwa Novembala dzuwa limalowa cha m'ma 4 koloko, ndipo pansi pa mitengo mdima umafika msanga kuposa poyera. Ndiye konzani ulendo wa maola awiri basi, kuti pomwe 3 koloko ikukwana mukhale mwatembenuka kale.

Ine ndingakusankhireni chigwa cha Padley Gorge, m'dera la Peak District, lomwe linakhala national park (malo otetezedwa achilengedwe) yoyamba ku Britain mu 1951. Kwerani sitima yopita ku Manchester yodutsa ku Hope Valley, mukatsikire pa Grindleford, mukangotuluka mu Totley Tunnel, njira ya sitima yodutsa pansi pa phiri. Si sitima zonse zimaima pamenepo, choncho onani nthawi ya yobwererayo musananyamuke kunyumba. Njira imayambira pafupi ndi siteshoni pomwepo, n'kumakwera motsata mtsinje wa Burbage Brook.

Nkhalango imeneyi ndi yakalekale, ya mitengo ya oak ndi birch. Nyengo ino masamba ambiri amakhala atayoyoka, ndiye mumaona bwino mmene mitengoyo inapindikira, mizu yake itakumbatira miyala yokutidwa ndi ndere zobiriwira. Madzi amakhala ochuluka ndipo mkokomo wake umakuperekezani njira yonse. Ana akadali ndi mphamvu, pitirirani chakumtunda ku Bolehill, komwe kale ankaphwanya miyala. Kumeneko kuli mphero zikuluzikulu zozungulira zomwe anazisema n'kuzisiya pomwepo malonda ake atatha. Miyala ya pamalopa ndi yomwe inamanga madamu a Howden ndi Derwent kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Ana amakonda kusuzumira pa mabowo a mpherozo, musawafulumizitse.

Koma chonde samalani ndi pansi. Masamba onyowa akagwera pamwala amaterera ngati therere, ndipo malo ena njira imadutsa m'mphepete mwa phompho lotsikira kumtsinje. Wamng'onoyo mumugwire dzanja. Nsapato zikhale zolimba, zogwira pansi, osati zoyendera m'tauni. Aliyense akhale ndi jekete ya mvula, chipewa ndi magolovesi, chifukwa mukangotuluka m'mitengo chakumtunda mphepo yake ndi ina. Tiyi wotentha mu fulasiki ndi kachakudya pang'ono musaiwale. Tengani tochi yeniyeni, osadalira ya pa foni, poti kuzizira kumamaliza batire msanga ndipo netiweki m'chigwamo imavuta.

Uzani munthu wina komwe mwapita ndi nthawi yomwe mubwerere. Wina akavulala moti sangathe kuyenda, imbani 999, mupemphe apolisi, kenako munene kuti mukufuna Mountain Rescue, gulu lopulumutsa anthu m'mapiri. Kukacha ndi chimvula kapena chifunga chambiri, usiyeni ulendowo mudzapite tsiku lina lomwe mwaweruka molawirira.