Madzi akutuluka oyera mbee pa zithunzi: vuto lili pati?

Wowerenga wina watilembera kuti: "Ndikajambula pamtsinje, panyanja kapena padamu, madzi amangotuluka oyera mbee, osaoneka kanthu. Ndikulakwitsa pati?"

Anzathu, choyamba ndi nthawi. Dzuwa likafika paliwombo madzi amanyezimira kwambiri, kamera n'kulephera kusunga powala ndi pamthunzi pa chithunzi chimodzi. Lawirirani m'mamawa mphepo isanadzuke, nyanja ili bata, mitambo ikuoneka m'madzi. Mukajambula, yang'anani histogram, galafu ya pa kamera yoonetsa kuwala kwa chithunzi: ikagunda kumanja, tsitsani exposure (kuchuluka kwa kuwala kolowa mu kamera) ndi stop 1, kutanthauza kuchepetsa kuwalako ndi theka. Mthunzi mutha kuukonza pakompyuta, makamaka pa RAW (fayilo yosunga zonse zimene kamera yajambula), koma pamene payereratu sipabwereranso. Kamera isapendekeke, chifukwa nyanja yopendekeka imaoneka ngati ikukhuthuka.

Pamtsinje nkhani yagona pa shutter, kachitseko ka mu kamera kolowetsa kuwala kwa nthawi imene mwaika. Kamera ikhale pa tripod (choimikira cha miyendo itatu), ISO (mmene kamera imamvera kuwala) ikhale 100, bowo lolowera kuwala likhale f/8 kapena f/11. Shutter ikakhala pa 1/1000 ya sekondi, madontho amaima chilili. Kuyambira 1/4 mpaka sekondi 1 madzi amasalala koma mizere ya kayendedwe kake imatsala, ndipo apa m'pamene mtsinje umakongola. Mukapyola masekondi 10 pamathithi, mumangopeza choyera chopanda maonekedwe, vuto lanu lomwe lija. Kukawala kwambiri musathamangire f/22, chithunzi chimafooka. Ikani fyuluta ya ND, galasi lakuda lochepetsa kuwala kolowa mu kamera. Ya 6 stop imasandutsa 1/60 kukhala pafupifupi sekondi 1, ya 10 stop masekondi 16. Konzani focus (kuti chojambulidwacho chioneke bwino) musanaike fyulutayo, kenako muisiye pa manual kuti kamera isaisinthe yokha, poti kamera siona bwino mumdima umenewo. Gwiritsani timer ya masekondi 2 kuti chala chisagwedeze kamera.

Fyuluta ina yotchedwa polarizer imachotsa kunyezimira mpaka miyala ya pansi pa madzi kuonekera, ndipo imagwira bwino dzuwa likakhala cham'mbali mwanu. Imadya stop 1 kapena 2. Koma ngati mukufuna phiri lioneke m'madzi, ipotokoleni pang'ono kapena ichotseni, chifukwa imafufutanso chithunzithunzicho.

Padamu pali zake. Nthunzi ya madzi otayika imanyowetsa lens (galasi la kutsogolo kwa kamera) msanga, choncho pukutani ndi kansalu kofewa nthawi iliyonse musanajambule. Pamwamba pa khoma galimoto ikamadutsa tripod imanjenjemera, dikirani ipite kaye. Madamu ena salola kujambula popanda chilolezo, funsani alonda. Ndipo musaime pamiyala ya kumunsi kwa khoma: akatsegula zitseko, madzi amakwera m'mphindi zochepa.